Ufa wa mu penti, timapaipi tosaoneka ndi batire lodzaza msanga

Magetsi akayaka 9 koloko usiku, tonse timathamangira ku soketi chifukwa palibe akudziwa kuti azimanso nthawi yanji. Ndiye pamabwera funso: chidebe cha malita 20 chimadzaza pa mpopi m'mphindi zochepa chabe, nanga bwanji kabatire ka foni, kochepa kuposa chikhatho, kamadya ola lathunthu kapena awiri? Palinso lina: batire lomwe linkasunga moto tsiku lonse foni ili yatsopano, bwanji pakatha zaka ziwiri limayamba kufa dzuwa lisanapendeke?

Mafunso awiriwa akuwasowetsanso tulo asayansi ku Japan, ku Germany, ku America ndi ku Singapore. Ena mwa iwo akusaka yankho mu chinthu chomwe mwina mwachigwira kale lero m'mawa: ufa woyera umene umapezeka mu penti, m'mankhwala ena otsukira mano ndi m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Dzina lake ndi titanium dioxide, mwachidule TiO₂. Lero ndikufuna tione chifukwa chake ufawu akuusandutsa timapaipi tating'onoting'ono, zimene akusakanizamo, komanso mmene nkhaniyi ikukhudzira dothi la ku Kasiya.

Mkati mwa batire mumachitika chiyani?

Batire la foni ndi la mtundu wa lithium-ion. Kampani ya Sony ndiyo inayamba kugulitsa mabatire otere mu 1991, ndipo mu 2019 anthu atatu amene anayala maziko ake, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel.

Mkatimo muli mbali ziwiri, cathode ndi anode. Pakati pake pali madzimadzi otchedwa electrolyte ndi kapepala kapulasitiki kopyapyala koletsa mbali ziwirizi kukhudzana. Mukalumikiza tchaja, ma ion a lithium amachoka ku cathode n'kusambira mu electrolyte kupita ku anode. Ma electron sangadutse m'madzimo, choncho amazungulira kudzera mu waya n'kukakumana ndi lithium ku anode komweko. Mukayamba kugwiritsa ntchito foni, onse amabwerera kumene anachokera, ndipo ma electron podutsa mu wayamo ndi amene amayatsa sikirini.

Ine ndimakonda kunena kuti anode ndi nkhokwe, ndipo kutchaja ndi kututira chimanga m'nkhokwemo. Kuti ntchito ithe msanga pamafunika zinthu ziwiri: makomo okwanira, ndi mtunda waufupi kuchokera pa khomo kufika pomwe chimanga chikaunjikidwe.

M'mafoni ambiri nkhokweyi ndi ya graphite, chakuda chija cha mkati mwa pensulo. Graphite ili ndi timagawo tosanjikizana ngati masamba a kope, ndipo lithium amalowa pakati pa masambawo. Ndi yotchipa, ndipo gramu imodzi imatha kusunga 372 mAh. Koma ili ndi zofooka ziwiri.

Choyamba, graphite imalandira lithium pa mphamvu ya 0.1 V yokha pamwamba pa malire amene lithium amasandukira chitsulo. Mukaikakamiza kutchaja mothamanga, makamaka kukazizira, lithium wina amalephera kulowa, amangounjikana pakhomo n'kusanduka chitsulo. Chitsulocho chimamera ngati minga. Minga ikaboola kapepala ka pakati kaja, mbali ziwiri zimakhudzana, batire limatentha, nthawi zina n'kuyaka moto. N'chifukwa chake foni imachepetsa dala liwiro ikamayandikira kudzaza. Si ulesi wa tchaja ayi, ikukutetezani.

Chachiwiri, lithium akalowa, graphite imafufuma ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 alionse, akatuluka imaphwa. Kufufuma ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku kumang'ambitsa kachikopa kamene kamakuta pamwamba pake, ndipo nthawi iliyonse kakamadzikonza kamadya lithium wina amene sabwereranso. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zokalambitsa batire.

Ubwino wa ufa woyera uja

Titanium si chitsulo chosowa. Pa zinthu zonse zopanga nthaka ndi miyala ya dziko lapansi, ndi cha nambala 9 pa kuchuluka. Anachitulukira ndi m'busa wina wa ku Cornwall ku England, William Gregor, mu 1791, ataunika mchenga wakuda wa m'mphepete mwa mtsinje. Titanium akaphatikana ndi okosijeni amapanga TiO₂, imene imapezeka m'maonekedwe angapo. Awiri oti muwakumbukire ndi rutile ndi anatase. Maatomu ake ndi omwewo, kusiyana kwake ndi kasanjidwe basi, monga njerwa zomwezo zimamangira khoma m'njira zosiyana.

Anatase imalandira lithium pa 1.7 V, kutali kwambiri ndi malire aja, choncho minga simera ngakhale mutatchaja mothamanga. Lithium akalowa imafufuma ndi magawo osakwana 4 pa 100, ndiye sing'ambikang'ambika. Siyaka moto, ndipo ndi yosavuta kupeza.

Nanga ingasunge moto wochuluka bwanji? Apa tulutsani kakyuleta, sindikufuna mungondikhulupirira. Mole imodzi ya TiO₂ imalemera 48 + 16 + 16, zomwe ndi magramu 80. Mole imodzi ya ma electron imanyamula ma coulomb 96,500. Popeza 1 mAh ndi ma coulomb 3.6, ndiye 96,500 ÷ 3.6 ikutipatsa pafupifupi 26,800 mAh. Tikagawa ndi 80 tikupeza 335 mAh pa gramu. Sizikusiyana kwenikweni ndi graphite, eti?

Koma 335 imeneyo ndi ya papepala, pamene atomu iliyonse ya titanium yalandira lithium wake mmodzi. Ufa wamba wa anatase umalandira theka chabe, ndiye timangopeza pafupifupi 168 mAh pa gramu. Zifukwa zake ndi ziwiri. Lithium amayenda mwapang'onopang'ono kwambiri mkati mwa TiO₂, moti pakati pa kambulu sapafika n'komwe. Komanso TiO₂ siyendetsa bwino magetsi. Amene mwafika pa mutu wa ma semiconductor mukukumbuka band gap, kadzenje kaja kamene electron iyenera kulumpha kuti iyambe kuyenda. Pa silicon ndi 1.1 eV, pa anatase ndi 3.2 eV. Dzenje lake n'lotakata pafupifupi katatu, ndiye olumpha ndi ochepa.

Nkhokwe yolimba yomwe sigwa, koma khomo lake n'lothina ndipo njira yake ndi yamatope. Ntchito yonse ya akafukufuku ili pamenepo.

Bwanji timapaipi?

Nanometre imodzi ndi mita kuigawa kokwana 1,000,000,000. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma nanometre 80,000. Ka nanotube ka TiO₂ kamatha kukhala ka ma nanometre 100 m'mimba mwake, ndipo khoma lake ma nanometre 10 kapena 20. Mutandandalika timapaipi 800 moyandikana, mpamene mungafanane ndi tsitsi limodzi. Pa maikulosikopu ya ma electron timaoneka ngati mtolo wa bango loimika chilili: kumwamba timabowo tokhatokha ngati malesa a njuchi.

Kuchepaku kumathandiza m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi makomo. Tengani kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse: kunja kwake konse ndi 6 cm². Mukakaduladula kukhala tizidutswa ta ma nanometre 100, chinthu chake n'chomwecho, kulemera n'komweko, koma kunja kwa tizidutswa tonse pamodzi kumafika 60 m², ngati pansi pa kalasi yathu yonse. Ndi chifukwa chomwecho shuga amasungunuka msanga mu tiyi kuposa switi. Kapaipi kamaposanso pamenepa chifukwa kali ndi kunja ndi mkati, ndipo electrolyte imanyowetsa konsekonse.

Njira yachiwiri ndi mtunda, ndipo ndi imene imandisangalatsa kwambiri ine monga wa fizikisi. Lithium mkati mwa chinthu cholimba sayenda molunjika ngati basi ya ku Mzuzu. Amayenda ngati nkhuku yotola zakudya pabwalo: uku pang'ono, uko pang'ono, kubwerera m'mbuyo, kenako kutsogolo. Pa kuyenda kotere, nthawi imakula molingana ndi mtunda kuuchulukitsa ndi mtunda womwewo, L². Mukafupikitsa mtunda ka 10, nthawi imachepa ka 100. Ndiye yerekezerani kambulu komwe lithium ayenera kulowa ma nanometre 1,000 ndi khoma la ma nanometre 10. Mtunda wachepa ka 100, nthawi yachepa ka 10,000. Ulendo wa masekondi 10,000, omwe ndi maola pafupifupi atatu, wasanduka wa sekondi imodzi.

Njira yachitatu ndi msewu wa ma electron. Mu ufa, electron imalumpha kuchoka pa kambulu aka kupita pa kena, ndipo opanga mabatire amathiramo guluu kuti ufawo ugwirane. Timapaipi tomera pa chitsulo cha titanium tili ndi mizu pa chitsulo pomwepo, choncho electron imangotsetsereka ndi khoma mpaka pansi.

Amatipanga bwanji?

Pali njira ziwiri zodziwika bwino. Yoyamba anaifalitsa mu 1998 ndi Tomoko Kasuga ndi anzake ku Japan. Amaphika ufa wa TiO₂ mu sodium hydroxide wamphamvu kwambiri, m'chiwiya chotsekedwa, pa madigiri 110 kwa maola pafupifupi 20, kenako n'kutsuka ndi asidi. Ufawo umasanduka timasamba topyapyala, ndipo timasambato timadzikulunga tokha ngati mphasa.

Yachiwiri ndi anodisation, ndipo ndi mbale wake wa electrolysis imene mumaphunzira mu kemisitire. Kachitsulo ka titanium amakalumikiza ku mbali ya +, platinum ku mbali ya −, n'kuviika zonse mu ethylene glycol wothira ammonium fluoride ndi timadzi pang'ono. Akayatsa magetsi a pakati pa 20 V ndi 60 V, zinthu ziwiri zimayamba kulimbana. Magetsi amamanga chikopa cha TiO₂ pamwamba pa chitsulo, pomwe fluoride amachikumba. Womanga ndi wokumba akafanana mphamvu, timayenje timazama n'kusiya makoma, ndipo timapaipi timatuluka tondandalikana bwinobwino popanda wotiyala. Kuchuluka kwa ma volt kumasankha kukula kwa bowo, kutalika kwa nthawi kumasankha kutalika kwa kapaipi. Magulu a Craig Grimes ku Pennsylvania State University ndi Patrik Schmuki ku Erlangen m'dziko la Germany ndi amene anapititsa patsogolo njirayi kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Timapaipi tikangotuluka m'madzimo maatomu ake amakhala osasanjika bwino, ndiye amatiwotcha pa madigiri pafupifupi 450 kuti tisanduke anatase. Moto ukapitirira kwambiri timayamba kusanduka rutile ndipo makoma amagwa. Woumba mbiya aliyense akuidziwa nkhani imeneyi.

Chonde, izi si zoyesera kunyumba kapena kuseri kwa labu. Mankhwala a fluoride amalowa pakhungu mpaka kukawononga fupa. Ndipo batire la foni musamaliboole kapena kuliponya pamoto, ngakhale lakufa.

Mutu umodzi susenza denga

Kapaipi kathetsa vuto la mtunda, koma khoma lake likadali TiO₂ yemwe uja wosayendetsa bwino magetsi, ndipo mlingo wa 335 sungadumphidwe ndi TiO₂ payekha. Apa mpamene pamabwera mawu akuti composite: zinthu ziwiri kapena zitatu zophatikizidwa kuti china chikwanitse pamene chinzake chikulephera. Mumazidziwa kale. Simenti imapirira kupsinjidwa koma imathyoka ikapindidwa, chitsulo chimapirira kukokedwa, ndiye mu lintala amaikamo zonse ziwiri.

Njira yoyamba ndi kuveka timapaipi malaya a kaboni. Amativiika m'madzi a shuga wa glucose, n'kutiwotcha m'ng'anjo yopanda okosijeni. Shuga sayaka, amangosanduka kachikopa kakuda kopyapyala kamene ma electron amathamangamo. Ena amagwiritsa ntchito graphene, tsamba limodzi lokha la graphite, limene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov analisenda ndi selotepi ku Manchester mu 2004. Luso lili pa muyeso: kaboni akachepa magetsi sayenda, akachuluka amatseka mabowo.

Njira yachiwiri ndi yodabwitsa: kuliwononga dala khomalo pang'ono. Akawotcha TiO₂ mu mpweya wa haidirojeni, maatomu ena a okosijeni amachoka n'kusiya ma electron awo. Ti⁴⁺ wina amasanduka Ti³⁺, ndipo ma electron otsalawo amakhala omasuka kuyenda. Ufa woyera uja umada. Xiaobo Chen ndi Samuel Mao anafalitsa za TiO₂ wakuda ameneyu mu 2011 ali ku Berkeley. Chaka chotsatira, Xihong Lu, Yat Li ndi anzawo anachita zomwezi pa timapaipi, pa madigiri 400, ndipo anapeza kuti mu supercapacitor timasunga magetsi kuwirikiza ka 40 poyerekeza ndi towotchedwa mu mpweya wamba. Supercapacitor ndi msuweni wa batire: imasunga magetsi pamwamba pa khoma osati mkati, choncho imadzaza m'masekondi koma imasunga ochepa. Kwa iyo, kukula kwa malo ndi kuyenda bwino kwa magetsi ndiye zonse.

Njira yachitatu ndi kusandutsa kapaipi kukhala nyumba ya mlendo. Pali zinthu zosunga lithium wambiri zedi koma zosalimba. Silicon imatha kusunga kuposa 3,500 mAh pa gramu, pafupifupi ka 10 kuposa graphite, koma imafufuma ndi magawo pafupifupi 300 pa 100 n'kuphwanyika. Tin oxide nayonso imatero. Mukaika tizidutswa take mkati mwa kapaipi, bowo limapereka malo ofufumira, khoma lolimba limagwira kuti zisamwazike. Pa ma supercapacitor mlendo wake nthawi zambiri amakhala manganese dioxide, ufa wakuda uja wa m'mabatire a tochi. Gulu la Lu ndi Li lija linapakanso ufa umenewu pa timapaipi take todetsedwa ndi haidirojeni, chifukwa payekha nawonso suyendetsa bwino magetsi.

Njira yachinayi ndi doping, monga mumaphunzirira pa silicon: kulowetsa maatomu ochepa achilendo, monga niobium kapena nitrogen, m'malo mwa eni khomo, kuti ma electron omasuka achuluke.

Ndiye bwanji sizili m'mafoni mwathu?

Mu 2014 gulu la Chen Xiaodong ku Nanyang Technological University ku Singapore linalengeza batire la timapaipi ta TiO₂ lomwe linkadzaza magawo 70 pa 100 m'mphindi ziwiri, ndipo linapirira kutchajidwa maulendo 10,000. Nyuzipepala zinalemba kwambiri. Papita zaka zoposa khumi, koma foni yanu ikadali ya graphite. Nthawi zonse ndimauza ophunzira anga kuti mukawerenga nkhani yoti asayansi atulukira chakuti, muzifunsa kuti: alipira ndi chiyani?

Apa malipiro ake ali mu fomula yomwe mukuidziwa, mphamvu = Q × V. Ma volt a batire ndi kusiyana kwa pakati pa cathode ndi anode. Tengani cathode ya lithium iron phosphate, ya 3.4 V. Ndi graphite: 3.4 − 0.1 = 3.3 V. Ndi anatase: 3.4 − 1.7 = 1.7 V. Mwaona? 1.7 V yomwe ija imene ikutiteteza ku minga ndi yomwenso yatidyera theka la mphamvu. Foni yake ingakhale yolemera ngati njerwa kapena yofa masana.

Palinso zina. Malo ambiri aja amatanthauzanso malo ambiri oti electrolyte iwonongekerepo, moti pa kutchaja koyamba lithium wina amatayika. Timapaipi tili ndi mphako, ndipo mphako sisunga kanthu, ndiye batire limakula. Komanso kumeretsa timapaipi pa kachitsulo konga sitampa mu labu n'kosiyana ndi kupanga matani ambirimbiri pa mtengo woti anthu angakwanitse.

Koma si batire lililonse lomwe limayenda m'thumba. Kuyambira 2008 kampani ya Toshiba yakhala ikugulitsa mabatire a SCiB, omwe anode yake ndi lithium titanate, mbale wake wa TiO₂, ngakhale si ya timapaipi. Kampaniyo imati amapirira kutchajidwa maulendo oposa 20,000, pomwe la foni limayamba kufooka likadutsa maulendo 500 mpaka 1,000. Amawaika m'mabasi, m'sitima ndi m'makina a m'mafakitale, kumene kulemera si vuto koma kudikira ndi kusinthasintha mabatire ndiye vuto.

Nanga ife zikutikhudza pati?

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. Ambiri a inu munawerengera mayeso pa kandulo kapena pa tochi ya foni. Dzuwa tili nalo lambiri, koma limalowa nthawi yomwe tikufuna magetsi kwambiri. Ku Golomoti m'boma la Dedza kuli munda wa sola wa 20 MW wokhala ndi mabatire a lithium-ion osunga 10 MWh. Batire la pamalo ngati amenewo, kapena la pa chipatala cha kumudzi chosunga katemera mu firiji, palibe amalinyamula. Chofunika n'chakuti likhale zaka zambiri ndipo lisayake moto kukatentha mu Okutobala. Umu ndi momwe banja la titanium lingathandizire.

Tsopano mverani ichi. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza rutile amene imati ndi wochuluka kuposa wa pamalo ena alionse odziwika pa dziko lapansi, matani pafupifupi 18 miliyoni, ndipo m'dothi lomwelo mulinso graphite. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula gawo mu kampaniyo. Ku Kanyika m'boma la Mzimba kuli niobium. Ma anode awiri amene takhala tikuwayerekeza m'nkhani yonseyi agona m'munda umodzi, ndipo chowonjezera chake chili mtunda wa maola ochepa kumpoto.

Koma rutile wa m'dothi si kapaipi. Kuti afike kumeneko amamuwotcha ndi chlorine ndi makala a coke pa madigiri pafupifupi 1,000 kuti asanduke titanium tetrachloride. Kuchokera apo amapanga ufa woyera wa penti, kumene kumapita gawo lalikulu kwambiri la miyala ya titanium, kapena amagwiritsa ntchito magnesium kuti apeze chitsulo, mwa njira imene anatulukira William Kroll wa ku Luxembourg. Sitepe iliyonse imakweza mtengo, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe ikuchitika kuno. Mchenga ukakwera sitima kupita ku doko la Nacala uli wosaphika, phindu la masitepe onsewo limatsalira kwa amene akudziwa kuphika. Odziwa kuphikawo amayambira pa mole, pa electrolysis ndi pa Q × V, mitu yomwe ena a inu mumaithawa n'kumati ndi ya mayeso chabe. Ku MUST ku Thyolo ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a uinjiniya wa miyala ndi zitsulo, ndipo khomo lake ndi fizikisi, kemisitire ndi masamu a MSCE.

Ntchito ya kunyumba nayi. Batire la foni la 5,000 mAh lingafune magramu angati a graphite pa 372 mAh pa gramu, nanga magramu angati a anatase pa 168? Kenako gwiritsani ntchito 3.3 V ndi 1.7 V kupeza mphamvu ya batire lililonse mu ma watt-hour. Mukapeza mayankho, sankhani: pakati pa foni yanu, basi ya mumzinda yoima mphindi khumi pa depoti, ndi firiji ya katemera ya pa chipatala cha kwanu, anatase mungaipereke kuti? Yankho lopanda manambala sindilandira.